Liwiro la a Ndilipafupi

Madamu anali ataphunzitsa sayansi pa sekondale imodzimodzi kwa zaka 19, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala m'mafayilo a mu ofesi. Ana asukulu, makolo, alonda a pageti, ngakhale apongozi awo akafuna kuwaseka, onse ankangoti Madamu. Amuna awo nawonso anali ndi dzina lapamsewu. Anali amakaniko a mafiriji, oyendayenda ndi pikapu yoyera yodzaza zitsulo ndi mapaipi, ndipo aliyense akawaimbira foni kufunsa kumene ali, yankho linali limodzi: "Ndili pafupi." Ankatero ngakhale ali kutsidya kwa tauni, mutu uli kuseri kwa firiji ya munthu wina. Anthu anangowatcha a Ndilipafupi, iwo n'kulilandira dzinalo ndi manja awiri, mpaka kulilembetsa kumbuyo kwa pikapu ndi penti yofiira.

Lachinayi lina masana Madamu anaima pageti la sukulu kuwadikira. Anali atagwirizana kuti awatenge 3 koloko kupita kwa dokotala wa maso, amene ankatseka 4 koloko. Itakwana hafu pasiti 3, Madamu anaimba foni.

"Muli kuti?"

"Ndili pafupi."

"Pafupi pake pati? Zaka zonsezi ine ndimangokhala pageti ngati mlonda. Mukapanda kufika m'mphindi khumi, musavutikenso."

Anadula foni asanamve yankho.

Mphindi khumi zinadutsa, kenako ola lathunthu. Madamu anakwera minibasi kupita kunyumba, mawu okalipa atawakonzeratu m'kamwa. Pakhomo anapeza alamu awo, mng'ono wa amuna awo, ataima ndi apolisi awiri.

"Alamu, tiyeni tilowe m'nyumba," anatero mng'ono wa amuna awoyo.

"Nenani pompano."

Ananena pomwepo. Ngozi inachitikira pa mphambano pamene kamsewu kochokera ku fakitale ya matailosi kamadutsa msewu waukulu. Lole yonyamula matailosi inkadutsa msewuwo, pikapu inaigunda m'nthiti n'kulowa pansi pake. A Ndilipafupi anafera pomwepo. Dalaivala wa lole anatuluka ndi kabala pachipumi basi, ndipo apolisi anali atamusunga, chifukwa anthu amene anali pamalopo ankati loleyo inatulukira ngati mphepo, osaima n'komwe.

Madamu anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa apolisiwo ngati angamwe madzi.

Masiku a maliro anadutsa ngati zikuchitikira nyumba yoyandikana nayo. Anthu ankawagwira mapewa, kuwakhazika pansi, kuwadzutsa, kuwapatsa kapu ya tiyi, kudzaitenga itazizira. Madamu ankachita zonse zimene auzidwa. Misozi sinabwere. Ankangoona tinthu ting'onoting'ono: batani losowa pa malaya a alamu, nyerere zokwera mwendo wa tebulo, chitseko cha firiji yawo chimene a Ndilipafupi anakhala zaka zitatu akunena kuti achikonza mawa. Apongozi awo, mayi wokalamba wa maso ofooka, analira mpaka mawu kutha, ndipo nthawi zina ankatembenuka kuyang'ana Madamu ngati akuwadikira.

Atatha masabata awiri anabwerera kuntchito. Ahedi anayesa kuwabweza.

"Madamu, pumulani kaye. Mwezi wonse ndi wanu."

"Kalasi ya mayeso yatsalira m'mbuyo."

"Tipeza wina awagwirire."

"Wina wake ndani? Amene uja amati mwezi uli ndi moto wakewake?"

Ahedi anaseka pang'ono, kenako anachita manyazi kuti aseka. Anawalola.

Atatsegula silabasi anapeza kuti mutu wotsatira unali wa zinthu zogundana. Sanaudumphe. Anatulutsa tingolo tiwiri tamatabwa m'kabati ya mu labu, kena kali ndi msomali kutsogolo, kena kali ndi kachidutswa ka labala, n'kutiika pa tebulo lalitali. M'kalasimo munali ana makumi anayi ndi asanu. Onse ankadziwa zimene zinachitika.

"Chinthu chilichonse choyenda chili ndi momentamu," anatero Madamu, akulemba pa bolodi. "Ndiko kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake. Zinthu ziwiri zikagundana, zitha kuphwanyika, kupindika, kuchita phokoso lotani. Koma mukaphatikiza momentamu yake zisanagundane, n'kuiphatikizanso zitagundana, nambala ndi yomweyo. Siitayika. Ndiye mukadziwa mmene zinayendera zitagundana, mutha kubwerera m'mbuyo n'kupeza mmene zinkathamangira."

Anakankha kangolo kamodzi. Msomali unalowa m'labala, tingolo tiwirito tinakolana n'kuyenda limodzi pang'onopang'ono mpaka kuima. Mtsikana wina wa pa benchi yakutsogolo anayamba kulira. Madamu anamuuza kuti akasambe kumaso n'kubwerera, ndipo anapitiriza ndi chitsanzo chachiwiri.

Tsiku lomwelo poweruka, mlonda anawauza kuti pageti pali mayi wina amene wakhala akudikira kuyambira m'mawa. Anali mayi wochepa thupi, wa nsapato zapulasitiki, atagwira kachikwama ndi manja onse awiri. Ataona Madamu anatsika n'kukhala pansi, pafumbi.

"Dzukani, mayi. Ndinu kholo la mwana uti?"

"Si za mwana, Madamu. Ine ndine mkazi wa dalaivala uja."

Madamu anamva ngati wina watchula nambala ya basi imene sakukwera.

"Sindinabwere kudzapempha kanthu. Ndinafuna kubwera kumaliro koma ndinaopa. Pepani, Madamu. Pepani kwambiri." Mayiyo anapukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja. "Bambo akunyumba akukana kudya kumene akusungidwako. Akuti iwo anaima, anayang'ana mbali zonse, msewu unali woyera. Akuti anali asanafike n'komwe pa liwiro la 30. Loleyo ndi yokalamba, Madamu, ikanyamula katundu imachita kukwawa. Koma palibe akuwakhulupirira. Ngakhale ine tsiku loyamba sindinawakhulupirire."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Palibe. Ndimangofuna mumve kuti iwo akutero. Mwina mukawaona kukhoti musawaone ngati chilombo."

"Ndamva," anatero Madamu. "Pitani bwino."

Mayiyo atapita, Madamu sanapite kokwerera minibasi. Anabwerera ku labu, kumene tingolo tija tinali tikadali pa tebulo. M'chikwama chawo munali envulopu yofiirira imene a Sajeni, wapolisi wa pamsewu amene ankayendetsa nkhaniyi, anawapatsa tsiku lotsatira maliro. Munali wotchi, makiyi, foni yosweka galasi, ndi kope la mapu a pamalo a ngozi, limene alamu anachita kulimbikira kuti banja likhale nalo. Madamu anali asanalitsegule. Tsopano analiyala pa tebulo, n'kulitsindikiza ndi kangolo kuti mphepo ya pawindo isaliulutse.

Sanaganize kuti akuchita chinthu chachikulu. Manja anangoyamba okha, ngati pochonga ntchito ya ana.

A Sajeni anali atajambula mosamala. Panali kamtanda pamene magalimoto anagundirana, ndi bokosi pamene anakaima. Pikapu inakola pansi pa lole, ndipo ziwirizo zinakhwekhwerezeka limodzi mamita 10. Sizinatsate msewu wa lole kapena wa pikapu, zinadula pakati: mamita 6 kulowera kumene lole inkapita, mamita 8 kulowera kumene pikapu inkapita. Kumunsi kwa pepala kunali kulemera kwa lole ndi katundu wake, monga sikelo ya pageti la fakitale inasonyezera mphindi zochepa ngozi isanachitike: makilogalamu 4,500. Kulemera kwa pikapu Madamu ankakudziwa kuchokera m'buku la galimoto, 1,300. Anawonjezera 120 ya zitsulo ndi mapaipi. Anawonjezeranso 80 ya amuna awo. Nambala imeneyo ankaidziwa bwino, chifukwa mwezi uliwonse ankawakweza pa sikelo ya kubafa n'kuwalanda shuga. Zonse pamodzi, pikapu inali 1,500. Lole ndi pikapu zitakolana, 6,000.

Kuti zitsulo zotere zikhwekhwerezeke mamita 10 pa phula louma zisanaime, ziyenera kuyamba ndi liwiro la mamita pafupifupi 10 pa sekondi. Madamu analigawa monga mapu ankanenera: 6 kumbali ya lole, 8 kumbali ya pikapu.

Anayamba ndi lole. 6,000 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36,000. Zonsezo zinabwera ndi lole yokha, chifukwa pikapu sinkalowera kumeneko. Kugawa ndi 4,500, zinatuluka mamita 8 pa sekondi. Pa mawerengedwe a pamsewu, makilomita 29 pa ola.

Kenako pikapu. 6,000 kuchulukitsa ndi 8 ndi 48,000. Kugawa ndi 1,500, mamita 32 pa sekondi. Makilomita 115 pa ola. Pamsewu umenewo pali chikwangwani cha 50.

Analemba mizere iwiri pansi pa yankho, monga amauzira ana. Kenako anayambiranso. Anati mwina phula linali loterera ndi fumbi la matailosi, ndiye zitsulo zikanatsetsereka mtunda womwewo ndi liwiro locheperapo. Pikapu inatsika kufika 89. Analipanga phula loterera ngati kwagwa mvula, ngakhale mwezi umenewo mvula kunalibe. Inafika 73. Koma nthawi iliyonse akatsitsa pikapu, lole nayonso inkatsika, ndipo pikapu inkakhalabe ndi liwiro la lole kanayi. Zimenezo sizinkadalira phula. Zinkangodalira kulemera ndi kumene zitsulo zinalowera. Ngati a Ndilipafupi anali pa 50, ndiye kuti lole inkayenda ngati munthu wopalasa njinga mosafulumira.

Belu la otsala kuwerenga linalira. Madamu anapinda pepala lawo, kubwezera tingolo m'kabati, kutseka mawindo, n'kupita kunyumba. Anaphika, anadya theka, anatsuka mbale.

Loweruka m'mawa anabwereka tepi yaitali kwa aphunzitsi a masewero, imene amayezera ana akamalumpha, n'kupita pa mphambano ija. Anali asanafikepo chichitikire ngozi. Panali pamalo wamba: chikwangwani chopindika pang'ono, ngalande youma, mpanda wa fakitale, ndi msewu waukulu wokhota kumtunda kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Penti yachikasu ya apolisi inali ikuonekabe. Pamene chitsulo chinakumba phula panali chipsera chotalika ngati mkono. M'mphepete munali timagalasi tambirimbiri ndi zidutswa za matailosi obiriwira.

Mayi wina wogulitsa zipatso pansi pa ambulera anavomera kuwagwirira nsonga ya tepi.

"Ndinu a boma?"

"Ndine mphunzitsi."

"Ine ndinalipo tsiku limenelo. Ndinawauzanso apolisi. Lole ija inabwera ngati mphepo."

"Munaiona isanagunde?"

"Ndinamva chiphokoso, ndiye ndinatembenuka." Mayiyo anaganiza pang'ono. "Koma phokoso lake, mayi, silinali la chinthu choyenda pang'onopang'ono."

"Zoona," anatero Madamu. "Kokani tepi ilimbe."

Miyezo inafanana ndi ya a Sajeni. Panali kusiyana kwa chikhatho chimodzi basi. Madamu anakulunga tepi, anagula malalanje anayi kuti mayiyo asaone ngati wataya nthawi pachabe, n'kuwaiwala m'minibasi.

Lamulungu masana apongozi ndi alamu anabwera, monga ankachitira sabata iliyonse chichitikire maliro. Alamu anali ndi nkhani ya mlandu. Tsiku linali litaikidwa, mboni zitatu zinali zokonzeka, ndipo iwo anali atauza anzawo onse a kugalaja kuti akadzaze khoti.

"Aone nkhope zathu," anatero. "Adziwe kuti anapha munthu wokhala ndi abale."

Madamu anaika pepala lawo pa tebulo, pakati pa makapu.

"Alamu, mayi, pali zimene ndawerengera. Ndati muyambe kumva inu ndisanapite nazo kwa a Sajeni."

Anafotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu omwe amagwiritsa ntchito m'kalasi. Anatenga bokosi la machesi kukhala lole, chitsekerero cha botolo kukhala pikapu. Alamu anali amakaniko a magalimoto, ndipo anamva msanga kuposa ana ambiri a m'kalasi ya mayeso. Nkhope yawo inasintha Madamu asanafike pa yankho.

"Ndiye mukuti achimwene anali pa 115."

"Pakati pa 90 ndi 120. Ine ndikuti 115."

"Pikapu ija? Ija yoti pokwera chitunda tinkachita kuipempherera?"

"Kuchokera kokhota kuja n'kotsetsereka."

"Alamu, inu munalipo?"

"Ayi."

"Anthu atatu analipo. Anaona ndi maso awo. Inu mwakhala mu labu ndi pensulo, mwapeza kuti wolakwa ndi maliro." Alamu anaimirira, kenako anakhalanso. "Chabwino. Tinene kuti n'zoona. Ndani wakufunsani? Apolisi akufunsani? Khoti lakufunsani? Bwanji osangoling'amba pepalali? Achimwene sangadziyankhire. Mukufuna muwaphe kawiri?"

"Munthu uja akapezeka wolakwa akakhala kundende zaka zambiri."

"Ndiye wanu ndi ameneyo tsopano?"

Madamu anayang'ana bokosi la machesi lija.

"Ankathamangira ine," anatero. "Ndinawaimbira foni hafu pasiti 3. Ndinawauza kuti akapanda kufika m'mphindi khumi asavutikenso. Pamapu a apolisi alemba kuti ngozi inachitika 3:36."

Mawuwo anatuluka osalala, ngati akuwerenga mayina a ana m'kaundula. Mwina n'chimene chinawapweteka kwambiri alamu. Alamuwo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ngakhale pano simukulira," anatero. "Mayi, tiyeni."

Apongozi anadzuka movutikira, atagwira m'mphepete mwa tebulo, anafufuza ndodo yawo, n'kutsatira mwana wawo. Tiyi wawo anatsala wosakhudzidwa.

Lolemba Madamu anapempha maola awiri kwa ahedi n'kupita kupolisi. Ofesi ya a Sajeni inali kachipinda ka tebulo limodzi, mafayilo ataunjikidwa mpaka pawindo, ndi fani yosazungulira. A Sajeni anawerenga pepalalo kawiri, chala chikutsata mzere uliwonse.

"Samuzi ine zinandisiya kalekale," anatero. "Koma ndakhala pamsewu zaka 22. Tsiku lomwe lija nditaona mmene pikapu inalowera pansi pa lole, mtima unandiuza zina. Kungoti mboni zitatu zikunena chimodzi, ndipo winayo wamwalira. Munthu umayamba nazo bwanji?" Anavula magalasi. "Madamu, mukudziwa chimene pepalali lichite?"

"Ndikudziwa."

"Banja mwaliuza?"

"Dzulo."

"Zinatha bwanji?"

"Anapita osamwa tiyi."

A Sajeni anagwedeza mutu. Anati alitumiza kwa woyeza magalimoto wa boma, chifukwa khoti silingangomvera mkazi wa malemu, ngakhale atakhala kuti akunenera mbali imene palibe amayembekeza. Anafunsa ngati Madamu angalembe dzina lawo pansi. Analemba, ndi deti lomwe.

Woyeza magalimoto anatenga masabata atatu. Anayeza zitsulo zopindika, anakokera tayala pa phula la pamphambano kuti aone mmene limagwirira, ndipo anapeza kuti pikapu inali pakati pa 105 ndi 120, lole pakati pa 25 ndi 30. Tsiku la mlandu Madamu anaitanidwa kuti anene mmene pepala loyamba linabwerera. Anaima m'kabokosi ka mboni atavala diresi yakuntchito, choko chikuonekabe m'mphepete mwa mkono, n'kuwerenga manambala awo. Woweruza anawafunsa ngati akufuna kukhala pansi kapena kumwa madzi. Anati ayi. Anzawo a alamu a kugalaja anabweradi, anadzaza mabenchi awiri akumbuyo, koma alamu eniake sanaoneke. Mayi wa zipatso uja atafunsidwa bwinobwino anavomera kuti anatembenuka atamva phokoso. Mboni ziwiri zinazo zinali mkati mwa shopu.

Mlandu wopha munthu unathetsedwa. Dalaivala anatuluka tsiku lomwelo.

Panja pa khoti anabwera ndi mkazi wake. Anali bambo wa imvi, wamkulu kuposa mmene Madamu ankaganizira, malaya akumukhuthukira. Anavula chipewa. Mkazi wake ndiye ankalira.

"Madamu, ine sindikudziwa kuti ndinene chiyani," anatero bamboyo. "Ndimawaonabe bambo aja. Ndikangotseka maso."

"Pitani kunyumba mukadye," anatero Madamu. "Akazi anu akuti simukudya."

Onse atatu anaima kaye pang'ono ngati pali china choyenera kuchitika. Panalibe. Madamu anayang'ana wotchi, anaona kuti akathamanga apeza phunziro lomaliza lisanayambe, ndipo anawoloka msewu.

Masabata asanu ndi limodzi anadutsa popanda wa kuchimuna aliyense kuponda pakhomo. Alamu anatumiza munthu kudzatenga mabokosi a zitsulo za achimwene awo, osalowa m'nyumba. Ku sukulu ena ankati Madamu ndi munthu wolungama, ena ankati ndi mwala, ndipo onse ankasiya kulankhula iwo akalowa m'chipinda cha aphunzitsi. Ana analemba mayeso oyeserera. Funso la zinthu zogundana analikhoza pafupifupi onse, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'zaka 19.

Loweruka lina chakumasana, Madamu akuchonga mapepala pakhonde, anamva ndodo ikugogoda pageti. Anali apongozi, okhaokha, atatuluka thukuta. Anali atakwera minibasi ziwiri.

"Mayi, bwanji osandiuza ndidzakutengeni?"

"Ndikanakuuza, mlamu wako akanamva. Ndipatse mpando."

Anakhala, anamwa madzi, anapuma mpaka mpweya kubwerera. Kenako anati, "Pepala lija ulinalo?"

Madamu anakatenga kope lake. Apongozi analigwira pafupi ndi nkhope, kenako patali, kenako analiika pamiyendo.

"Ine izi ndi nyerere chabe. Sindinabwerere zimenezi. Mwana uja ndinabala ndine, kuthamanga kwake ndikukudziwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anatsetsereka ndi wilibala mpaka m'ngalande, dzino limodzi n'kuchoka. Iwe usamadzinamize kuti unamuphunzitsa ndiwe ndi foni yako." Anasisita pepalalo ndi chikhatho. "Ndabwera ndi funso limodzi. Adokotala ndinawafunsa, anangoti pepani agogo. Abusa anati zili m'manja mwa Mulungu. Iwe sunama, taona tonse kuti sunama ngakhale pofunika kunama. Ndiye undiuze. Anamva kuwawa?"

Madamu anatenga pensulo yochongera. Anatembenuza pepala la mwana wina n'kulemba kumbuyo kwake. Kutsogolo kwa pikapu kunapindika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Pa liwiro limene lija, zimenezo sizitenga nthawi.

"Kuyambira pamene chitsulo chinakhudza chitsulo mpaka zonse kutha, mayi, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi."

"Ndiye kuti chiyani? Ndiuze m'chinenero cha anthu."

"Phethirani."

Apongozi anaphethira.

"Kumeneko n'kotalika. Zinatha musanatsegule maso. Ululu umafuna nthawi kuti ufike kumutu. Sunafike."

"Ukunena zoona?"

"Zoona."

Apongozi anapuma mpweya wautali. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, kenako anapinda pepala lija kanayi n'kulibweza.

Panali nambala ina imene Madamu anaipeza pamene pensulo inali m'manja. Kuchokera pokhota paja kufika pa mphambano ndi mamita pafupifupi 100, ndipo pa liwiro limenelo ndi masekondi atatu. Masekondi atatu ndi okwanira kuona lole, kuizindikira, ndi kudziwa. Imeneyo sanailembe, ndipo apongozi sanafunse.

"Kwatentha," anatero apongozi. "Sindibwerera lero. Chipinda chija chikadali ndi bedi?"

"Lilipo. Ndiyala."

"Uyale bwino. Ulendo watha unandipatsa bulangete lonunkha mafuta a firiji."

Madamu anakayala, anatsegula windo kuti mulowe mphepo, n'kuwaperekeza apongozi mpaka pabedi. Atabwerera pakhonde anafufuta samu ija kumbuyo kwa pepala la mwana, anauzira nyenyeswa za labala, n'kulitembenuza. Mwanayo anali atapeza yankho lolondola koma anaiwala kulemba kuti ndi mamita pa sekondi. Anamuchotsera malikisi amodzi, n'kutenga pepala lotsatira.